Kwa achemwali amene a chipatala cha mano akungowasinthira tsiku

Achemwali, pepani kwambiri. Mwati dokotala wanu wa mano wa NHS (chithandizo cha zaumoyo cha boma) kuno ku England anabowola dzino n'kulimata mongoyembekezera, koma tsiku lomalizitsa likakwana amakuimbirani m'mawa womwewo kuti musabwere, inu mutasiya kale shifiti ku care home (nyumba yosamalira okalamba ndi odwala). Mukufunsa ngati kuli bwino kungowataya n'kukafuna kwina. Ine ndikuti ayi, musachoke dzino lisanathe.

Chifukwa chake n'chakuti ku England munthu sakhala wolembedwa kwa dokotala wa mano ngati mmene zilili kwa GP, dokotala wa matenda wamba wa m'dera. Udindo wa chipatalacho pa inu ndi wa chithandizo chimene chinayambika, mpaka chithe. Panopa muli m'kati mwa chithandizo, ndiye ali ndi ngongole kwa inu. Mukangochoka mwaukali mwawapeputsira katundu, inu n'kukaima kumapeto kwa mzere wina. Mzerewo si wamasewera: kafukufuku wa BBC mu 2022 anapeza kuti zipatala 9 mwa 10 zilizonse za mano za NHS sizinkalandira akuluakulu atsopano.

Kusinthasinthaku nthawi zambiri sikukhala nkhanza za wolandira alendo uja, ndiye musamulalatire, mudzamufuna. Dokotala sagwira dzino popanda nesi pambali, kotero nesi akadwala odwala onse a tsikulo amabwezedwa. Makina ophera tizilombo pa zipangizo akafa, n'chimodzimodzi. Madokotala ambiri si olembedwa ntchito pa chipatalapo, amagwira ngati odziimira paokha, ndipo wina akachoka malo ake amakhala miyezi opanda munthu. Palinso nkhani ya ndalama. Kuyambira mu 2006, NHS imalipira zipatalazi potengera mapointi otchedwa UDA, ndipo chipatala chilichonse chili ndi mlingo wake pa chaka chimene chimatha pa 31 March. Ntchito yodya nthawi ngati root canal (kuchotsa mtsempha wa dzino n'kumata muzu wake) imawabweretsera zochepa poyerekeza ndi wodwala wolipira yekha. Sindikunena kuti anuwo akuchitira dala, koma dziwani kuti wodwala wa NHS wofatsa, amene amangoti "chabwino, palibe vuto" pa foni, ndi amene savuta kumusuntha. Ife a kumudzi tinaleredwa kuti dokotala sayankhidwa, ndipo ulemu umenewu kuno ukutipweteka.

Lero lomwe lembani imelo kwa manijala wa chipatalacho. Foni imauluka, cholembedwa chimakhala. Tchulani masiku onse amene anakubwezani ndi nthawi imene anakuuzani, nenani kuti dzino linatsegulidwa ndipo lili ndi chomata chongoyembekezera, kuti mwataya malipiro, ndipo pemphani tsiku lenileni lomalizitsa. Onjezani kuti ngati dokotala wanu palibe, muli okonzeka kuonedwa ndi dokotala wina aliyense wa pomwepo. Mfundo imeneyi imatsegula makomo, chifukwa nthawi zambiri amakusungani m'buku la munthu mmodzi pamene anzake ali ndi mipata. Pemphaninso akuikeni pa mndandanda wa anthu oimbiridwa wina akalephera kubwera. Ndipo lembani momveka kuti ili ndi dandaulo, chifukwa dandaulo la NHS ayenera kuvomereza kuti alilandira pasanathe masiku atatu ogwira ntchito.

Za mashifiti, sankhani nthawi yoyambirira m'mawa, kapena tsiku limene muli kale pa ofu, ndipo dzulo lake masana muziimba nokha kufunsa ngati dokotala ndi nesi alipo. Ndalama za shifiti yotayika musayembekeze kuti akubwezerani, palibe lamulo lowakakamiza. Koma inunso sangakulipiritseni mukaphonya tsiku la NHS ku England, ngakhale atha kukana kukuonaninso. Choncho tsiku lanu musaliphonye pobwezera.

Samalaninso pa malipiro. Chithandizo chimodzi chimalipiridwa kamodzi, kaya mwapitako maulendo angati. Kumata dzino, kuzula ndi root canal zili mu gulu la malipiro lotchedwa Band 2, imene kuyambira April 2025 inali £75.30, pamene crown (chisoti chovekera dzino) ili mu Band 3, imene nthawi yomweyo inali £326.70. Wina akakuuzani kuti mulipirenso poti papita nthawi, funsani kuti wachedwetsa ndani. Ngati muli oyembekezera kapena munabereka m'miyezi 12 yapitayi, simulipira kalikonse. Akakunong'onezani kuti "mukalipira panokha tikuonani mawa", ufulu ndi wanu, koma muuzidwe mtengo wonse polemba musanakhale pa mpando.

Manijala akapanda kukuthandizani, Healthwatch ya m'dera lanu, bungwe loyankhulira odwala, imalangiza kwaulere. Amene akuyang'anira mano a NHS kuyambira April 2023 ndi Integrated Care Board (bungwe la NHS loyendetsa zaumoyo) ya dera lanu, ndipo dandaulo mutha kulipereka kumeneko m'malo mwa kuchipatala, koma sankhani kumodzi chifukwa salandira nkhani imene inaweruzidwa kale kwinako. Mukapanda kukhutira ndi yankho, pamwamba pali Parliamentary and Health Service Ombudsman, ofesi yoima payokha younikanso madandaulo a NHS. Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland malamulo ndi ena, ndiye abale a kumeneko musatengere zonsezi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi dzinolo. Chomata chongoyembekezera chinapangidwira masabata ochepa. Chikagumuka, tizilombo timalowa, dzino limatha kung'aluka, ndipo limene likanapulumuka limathera kuzulidwa. Musatafunire mbali imeneyo. Panado ndi ibuprofen zimangogoneka ululu, sizichotsa mafinya, ndipo musaike aspirin pa usinini monga ena amalangizira, amawotcha. Ululu ukamakulepheretsani kugona, chomata chikachoka, kapena tsaya likayamba kutupa, imbirani chipatalacho m'mawa n'kunena kuti ndi zadzidzidzi. Akati malo palibe, imbani 111, nambala ya NHS ya thandizo lachangu, amatha kukupezerani dokotala wa mano wa zadzidzidzi pa mtengo wa Band 1, gulu lotsika mtengo kwambiri. Kutupa kukafika kudiso kapena kukhosi, mukamavutika kumeza, kupuma kapena kutsegula pakamwa, musadikire wina aliyense, pitani ku A&E (chipinda cha ngozi ndi zadzidzidzi ku chipatala) kapena imbani 999, nambala ya ambulansi, nthawi yomweyo.

Ngati Chingelezi cha imeloyo chikukuvutani, ndilembereni ku inbox madzulo ano tikonzere limodzi.