Bwanji mtanda wa mlatho ndi wotakata kunsi?

Funso: Ndimawotcherera zitsulo ku Ndirande. Pa pulani ya mlatho wa anthu oyenda pansi ndaona mtanda wachitsulo wooneka ngati chilembo cha I, koma phaphati lakunsi (chitsulo chopingasa cha kunsi kwa I-yo) ndi lotakata kuposa lapamwamba. Kodi wojambula analakwitsa?

Yankho: Ayi achimwene, n'zadala. Anthu akamadutsa, mtandawo umapindika pang'ono: kumwamba kumapanikizika, kunsi kumakokeka. Konkire yoyendapo ikalumikizidwa bwino ndi mtanda, imasenza kupanikizikako, ndiye phaphati lapamwamba likhoza kuchepa. Kunsi chitsulo chimalimbana chokha ndi kukokekako, n'chifukwa chake phaphati lakunsi ndi lotakata.

Ine chimandidetsa nkhawa ndi nthawi yomanga. Konkire isanaume, phaphati lopapatizalo limatha kupotokera m'mbali, mtanda wonse n'kugwa chammbali. Zitsulo zochirikiza mtanda kuti usapotokere m'mbali musazichotse msanga, ngakhale kapitawo akufulumizitseni bwanji.