Mafunso a Owerenga: Ekizozi yatsopano yafooketsa galimoto yanga

Funso: Akonzi, ndimakhala ku Leeds, m'dziko la Britain, ndipo kwa zaka ziwiri ndakhala ndikumanga m'galaja kagalimoto ka mipando iwiri kofanana ndi Lotus Seven, kamene munthu amagula zipangizo zake n'kulumikiza yekha. Ndinaikamo injini ya Ford Zetec ya malita 2, ndipo mmisiri wina anandiwotcherera ekizozi yodutsa m'mbali, yokhala ndi paipi ya mamilimita 76. Nditakayesa pabwalo, ndinapeza kuti galimoto ikunyamuka mwaulesi, ekizozi ikuphulikaphulika ndikachotsa phazi pamoto, ndipo phokoso lake n'logonthetsa m'khutu. Mayeso a IVA, amene galimoto yomanga wekha imayenera kukhoza isanaloledwe kuyenda pamsewu, ayandikira. Kodi ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Leeds.

Yankho: Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Galimoto za mtundu umenewu, zimene kholo lake ndi Lotus Seven ya Colin Chapman ya mu 1957, n'zopepuka kwambiri moti cholakwika chilichonse cha pa injini chimamveka msanga kwa woyendetsa. Cholakwika chachikulu pa yanuyo, m'kuona kwanga, ndi kukula kwa paipi.

Ambiri amakhulupirira kuti paipi ikakula mphamvu nazo zimakula, pomwe ena amati injini imafuna kuti utsi uzitsekerezedwa pang'ono. Onsewa sanalondole. Utsi sutuluka mwandondondo ngati madzi a pampopi, koma umatuluka modukizadukiza nthawi iliyonse vavu ikatseguka, ndipo utsi umene ukuthamanga m'paipi umasiya mpata kumbuyo kwake umene umakoka utsi wa silinda yotsatira. Paipi ikakula mopitirira muyeso, utsi umayenda pang'onopang'ono ndi kuzizira, kukokana kuja kumatha, ndipo silinda imatsala ndi utsi wakale pamalo pamene pakanalowa mpweya watsopano ndi petulo. N'chifukwa chake galimoto yanu ikuchita ulesi ponyamuka. Injini ya malita 2 yopanda turbo imakhutira ndi paipi ya mamilimita 57 mpaka 63. Ya 76 ndi ya injini zamphamvu kwambiri kuposa yanu, ndipo ine sindingaisunge ngakhale itakhala yonyezimira chotani.

Yang'ananinso manifodi, mapaipi amene amatenga utsi kuchokera m'masilinda kupita ku ekizozi, chifukwa simunatiuze kuti ndi yotani. Ngati mapaipi onse anayi akukumana pamalo amodzi, imeneyo ndi ya 4-1, ndipo imapatsa mphamvu injini ikamathamanga kwambiri, monga zimakhalira pa mpikisano. Ya 4-2-1 imayamba yaphatikiza mapaipi awiriawiri, kenako n'kuwasonkhanitsa, ndipo ndiyo imakoka bwino pa liwiro la pamsewu. Popeza masilinda a Zetec amaphulika motsatana 1, 3, 4, 2, paipi ya silinda 1 iyenera kukumana ndi ya 4, ndipo ya 2 ikumane ndi ya 3. Mmisiri akasokoneza pamenepa, utsi umawombana pamphambano m'malo mokokana. Mapaipiwo akhalenso otalika mofanana mmene zingathekere, ngakhale malo ndi ochepa pansi pa boneti ya galimoto zimenezi.

Za kuphulikako, musathamangire kukhudza kompyuta ya injini. Kawirikawiri gwero lake ndi kabowo kamene kakulowetsa mpweya m'ekizozi, ndipo mpweyawo ukakumana ndi petulo wosapsa m'paipi yotentha, amayaka. Tulutsani galimoto panja, chifukwa utsi wa m'galaja yotseka umapha, ndipo muilize injini idakali yozizira. Wina atseke pang'ono kukamwa kwa paipi ndi chisanza, inu mukumvetsera pamalumikizidwe onse. Pamene pakutuluka mpweya pamamveka kamluzu, ndipo pamakhala kamzere ka mwaye wakuda, makamaka pa gasiketi ya pakati pa manifodi ndi injini. Kabowo kakakhala kumtunda kwa sensa ya lambda, imene imayeza mpweya wotsala mu utsi, sensayo imanamizidwa kuti petulo wachepa, kompyuta n'kumawonjezera petulo wosafunika.

Mukatseka mabowo ndi kusintha paipi, m'pamene muchune kayendedwe ka petulo. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta yochita kugula padera, pitani nayo galimotoyo pa makina a rolling road, oyezera galimoto ikuthamanga pamalo amodzi, kumene amaika sensa ya wideband n'kuyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Pa liwiro wamba mlingo wake umakhala magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, koma mukaponda moto wonse uyenera kutsikira cha pa 13, apo ayi injini imatentha mpaka kuwononga mapisitoni.

Kamangidwe nako musakapeputse. Injini imagwedezeka pamipando yake, ndipo chitsulo chosachita dzimbiri chimatalika chikatentha, choncho sailensa ikhale pa timalabala, ndipo pamalumikizidwe pakhale masipuling'i m'malo mowotcherera chilichonse kukhala chinthu chimodzi, chifukwa chotero chimang'aluka. Ikaninso chotchinga pa sailensa kuti wotsika asapse mwendo.

Pa mayeso a IVA, amene amayendetsedwa ndi DVSA, bungwe la boma loona za madalaivala ndi galimoto, phokoso siliyenera kupitirira madesibo 99. Amaika choyezera theka la mita kuchokera kukamwa kwa paipi, chopendekera madigiri 45, injini ikuthamanga magawo atatu mwa anayi a liwiro limene imaperekera mphamvu zake zonse. Kuchepetsa paipi kudzathandiza, koma chofunika kwambiri ndi kukula kwa sailensa, pakuti yaitali ndi yonenepa imameza phokoso lambiri popanda kutsekereza utsi. Gulani yotheka kumasula, chifukwa ulusi wa m'kati mwake umapsa n'kutha, ndipo phokoso limabwerera pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Powulongedza musauthine ngati thumba la chimanga, popeza wothinana kwambiri sumeza bwino phokoso. Mulingo wa utsi umene adzayeze umatengera zaka za injini, ndipo Zetec zambiri zimafunika catalytic converter, chipangizo chochepetsa poizoni mu utsi, kuti zikhoze, choncho pezeranitu umboni wa chaka chimene injini yanu inapangidwa musanapereke odala ya paipi yatsopanoyo, kuti mmisiri asiyiretu malo ake.