Apongozi akuti gwafa ndi wokwanira, zoona?

Funso: Zikomo anamwino. Mwana wanga wa chaka ndi miyezi iwiri wayamba kutsegula m'mimba dzana, madzi okhaokha, akusanzanso ndipo thupi likutentha pang'ono. Apongozi anga athyola nsonga za masamba a gwafa kuseri kwa nyumba awiritsa mu kapoto, akuti ana awo onse anakula ndi zomwezo palibe chopitira kuchipatala kukawononga ya transipoti. Ine ndikuopa kuwatsutsa poti ndikukhala pakhomo pawo. Nditani? Mayi wa ku Bembeke, Dedza.

Yankho: Achemwali, apongozi anuwo sananame zonse ayi. Masamba a gwafa ali ndi zinthu zotchedwa ma tannin, zomwe zija zimamanga mkamwa mukatafuna nsonga yake, ndipo zimatha kuchepetsako kutsegula. Ine ndemwe agogo anandimwetsa ndili mwana, kuwawa kwake ndimakukumbukira mpaka lero.

Koma kwa mwana wa msinkhu umenewu, nyengo yozizira ngati ya June, kawirikawiri wolakwa amakhala kachilombo ka rotavirus, ndipo gwafa musamudalire kuti akapha kachilomboka. Ngakhale Bactrim wa pagolosale uja sangathandize, ameneyo ndi wa mabakiteriya osati mavairasi, musataye ndalama. Kachilomboka kamatha kokha pakadutsa masiku angapo, chimene chimapha ana ndi kutha madzi m'thupi basi, ndiye kapu imodzi ya madzi a gwafa singabweze zomwe mwana akutaya tsiku lonse.

Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira, muzimupatsa ndi supuni pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Bere musasiye, phala musasiye. Kwa alangizi a zaumoyo kapena kusikelo kapempheni mapiritsi a zinki, amamwa tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 olo atasiya kutsegula.

Mukaona maso alowa, liwombo lalowa, sakukodza, akungogona kapena akukana kuyamwa, kapena m'chimbudzi muli magazi, berekani mwana lero lomwe osadikira kuti kuche kaye.

Onaninso m'buku lake la kusikelo ngati analandira katemera wa rota, wodontheza mkamwa uja, kuno ku Malawi anayamba mu 2012. Za apongozi musakangane nawo, apempheni kuti akuperekezeni kusikelo akamve okha, kapena atumeni bambo a mwana akalankhule ndi mayi awo.