Mawotchi a ma PLC akusiyana: NTP kapena PTP?

Achimwene, pa vuto lanu la ma alamu a PLC (makompyuta oyendetsa makina a m'fakitale) ndi SCADA (pulogalamu yoyang'anira makinawo) olembedwa nthawi zosiyana, NTP (njira yofananitsira mawotchi kudzera pa netiweki) ikukwanirani. Ikani seva imodzi yolandira nthawi ku GPS mkati mwa fakitale, makina onse azitengera pamenepo, osati pa intaneti. Pa netiweki ya mkati, kusiyana kwake kumangokhala ma millisecond ochepa.

PTP ya muyezo wa IEEE 1588 (njira ina yofananitsira mawotchi, yolondola kwambiri) muifune makamaka ngati muli ndi ma drive (zipangizo zoyendetsa ma mota) oyenera kuyendera limodzi ndendende. Imafika pansi pa microsecond imodzi, koma ma switch a netiweki nawonso akhale oidziwa, apo ayi mwangotaya ndalama.

Ku fakitale komwe ndimagwira ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg ku South Africa, chinkatisokoneza ndi load shedding (kuzimitsa magetsi mosinthana madera). Magetsi akabwera, PLC iliyonse inkadzuka ndi nthawi yakeyake, moti sitinkadziwa chayamba kuzima ndi chiti. Choncho seva ya nthawi ikhale pa UPS (batire losunga magetsi akazima). Zolemba zonse zisungidwe mu UTC (nthawi yofanana padziko lonse), nthawi ya kuno izingooneka pa sikirini. Antena ya GPS muiteteze ku mphenzi, mvula ya ku Johannesburg mu Disembala mukuidziwa.

Zikakhudza ma relay oteteza magetsi kapena IEC 61850 (muyezo wolumikizirana zipangizo za m'masiteshoni a magetsi), itanani injiniya wolembetsedwa ku ECSA (bungwe la mainjiniya la ku South Africa) musanasinthe kalikonse.