Yankho kwa mayi amene akufuna kupita ndi ana ku Gold Reef City mu Disembala

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo yofunsa ngati n'kwanzeru kupita ku Gold Reef City, malo a zisangalalo okhala ndi akatungwe ndi zokwera zina, ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 3, pamene banja lawo likukacheza ku Johannesburg pa tchuthi cha Khirisimasi. Mayi, kalata yanu ndakhala nayo masiku anayi osaiyankha, chifukwa yandikumbutsa tsiku limene mpaka lero ndikaliganizira m'manja mumatuluka thukuta.

Ulendo wathu woyamba wa ku Joni ndi ana tinayenda pa basi. Tinanyamukira ku Wenela, tinadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo pofika ku Park Station tinali titagona panjira, miyendo itatupa. Munthu wanzeru akanapumitsa ana masiku awiri, koma ine ndinawadzutsa m'mawa mwake kuti tipite ku malo ena a zisangalalo amene alamu anga anatiuza, amene sindiwatchula dzina chifukwa sanalakwe kanthu. Nditalipira matikiti pakhomo, ndinasintha ndalamayo mumtima kuchoka ku marandi kupita ku makwacha, ndipo ndinaona kuti ikanakwana lendi ya mwezi. Pomwepo ndinalumbira kuti palibe katungwe ngakhale mmodzi amene titamusiye osakwera.

Tinaima pamzere woyamba dzuwa likuswa mtengo, mwana wamng'ono ali m'manja mwa amayi ake, wachisamba akudumphadumpha ndi chimwemwe. Titafika kutsogolo, mtsikana wogwira ntchito pamenepo anamuimika mwanayo pa thabwa loyezera msinkhu, ndipo mutu wake unaperewera pa mzere wofiira ndi zala ziwiri zokha. Ine ndinayamba kuchonderera monga mmene timachitira ndi kondakitala wa minibasi ku Limbe, poganiza kuti lamulo lililonse limafewa munthu akalankhula bwino. Mtsikanayo anangomwetulira n'kuitana otsatira. Mayi a kunyumba anatsitsa wamng'ono uja kuti atonthoze mkuluyo, ine ndinauza mkuluyo, akulira choncho, kuti agwire dzanja mng'ono wake, kenako ndinatembenuka kuti ndione mapu. Pamene ndinkacheuka, mzime wathu panalibe.

Sindidziwa ngati panapita mphindi 10 kapena 15. Chimene ndikukumbukira ndi miyendo ya anthu, nyimbo zaphokoso, fungo la chimanga chothetheka, ndi mawu a akazi anga akuitana dzina la mwana m'khwimbi la anthu amene sanali kucheuka. Tinam'peza m'kanyumba ka alonda atakhala pampando, nsapato imodzi ili m'manja, akunyambita switi. Mlonda anatiuza kuti anam'funsa m'Chingerezi ndi m'Chizulu osayankha, ndipo atam'funsa dzina la bambo ake mwa zizindikiro, mwanayo anangoti, "Adadi." Ngakhale akanadziwa nambala yanga sizikanathandiza, popeza mufoni mwanga munali simu khadi ya kuno kwathu imene sinkagwira kumeneko.

Kwa nthawi yaitali ndinkafotokoza nkhaniyi ngati yoseketsa, koma tsopano ndimainena mosabisa kuti wolakwa ndinali ine. Kwathu kuno tinazolowera kuti mwana wa zaka 6 ndi mlezi, amabereka mng'ono wake kumbuyo amayi ali kudimba, ndipo pamudzi zimatheka chifukwa aliyense wodutsa akudziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. M'chinamtindi cha anthu achilendo, kumene mwanayo naye maso ake ali pa magalimoto a zidole, kum'patsa udindo umenewu ndi nkhanza, ndipo chinthu chikalakwika adzakula akudziimba mlandu pa zimene anachita akuluakulu. Ndikunenanso kuti ambiri a ife timapita kumalo amenewa chifukwa cha ife eni. Timafuna zithunzi zoika pa WhatsApp kuti a ku Ndirande ndi a ku Bangwe aone kuti tinafika, ndipo timafuna kubweza ndalama ya tikiti pothamangitsa ana kuchokera mzere uwu kupita mzere uwo mpaka atakomoka ndi tulo. Mwana wa zaka 3 sadziwa mtengo wa tikiti. Wanga uja, mukam'funsa za ulendo umenewo, amakumbukira nkhunda zimene ankathamangitsa poimika magalimoto.

Ku Gold Reef City kwenikweniko tinapita pa ulendo wina, ana atasinkhukirapo, ndipo malowo ndi oyenera kuwaona. Anawamanga pa mgodi wakale wa golide umene unatsekedwa mu 1971, ndipo nyumba zake anazikonza kuti zifanane ndi tauni ya nthawi imene golide anapezeka m'derali mu 1886. Kwa Mmalawi zimenezi zimakhudza mtima, chifukwa agogo athu ambiri anakumba m'migodi ya ku Joni atalembedwa ndi Wenela yomwe ija imene inasiya dzina pa depoti yathu ya mabasi, mpaka pamene boma la Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha anthu athu. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya ulamuliro wa tsankho, imene inatsegulidwa mu 2001, koma kumeneko mudzapite nokha akuluakulu. Komanso zokwera zotchuka monga Anaconda ndi Tower of Terror si za ana anu, chifukwa zili ndi malire a msinkhu, ndipo n'kwabwino kuwauziratu ali kunyumba kusiyana n'kuti akamvere pa thabwa lija.

Zoti muchite

Pitani, koma musapite tsiku lotsatira mutangofika, ndipo pewani Loweruka, Lamlungu ndi pa 16 Disembala limene ndi tsiku la tchuthi m'dziko lonse la South Africa. Sukulu za kumeneko zimakhala zitatsekera nthawi imeneyi, choncho anthu adzakhalapo ambiri ndithu. Onani pa intaneti masiku amene amatsegula, yezani ana anu ndi tepi, ndipo musankhiretu zinthu zitatu kapena zinayi zokha. Fikani zipata zikungotsegulidwa, popeza mu Disembala mvula yamabingu ku Johannesburg imakonda kubwera masana dzuwa litapendeka. Gulani simu khadi ya komweko ndipo mulembe nambalayo pa mkono wa mwana aliyense ndi cholembera chosafufutika. Wamkulu aliyense akhale ndi mwana wake mmodzi, ndipo posinthana muzichita kutchula pakamwa kuti "ndam'tenga."

Pa zonsezi chimene ndingakukakamizeni kwambiri ndi chitenje. Pa ulendo woyamba uja akazi anga anasiya chawo kunyumba kwa alamu, poopa kuoneka achimidzi pakati pa anthu okankha ana m'tingolo. Titam'peza mwana, iwo anavula juzi, anam'ponya kumbuyo n'kumanga manja a juziyo pachifuwa, ndipo anayenda naye choncho mpaka madzulo. Tingolo timapanikizika pamzere ndipo timayenera kusiyidwa panja pokwera zinthu, pamene mwana wa zaka 3 akatopa amagona kumbuyo kwa amayi ake mkulu wake akupitiriza kusewera. Tengani ziwiri, china choyala pansi pa mthunzi nthawi ya nkhomaliro.

Za ndalama zimene munafunsa kumapeto kwa kalata yanu, muwerengeretu kuti chakudya, madzi ndi ayisikilimu za mkatimo zidzawonjezera ndithu pa mtengo wa matikiti, ndipo mugwirizane ndi bambo a kunyumba musanalowe kuti chidole ndi chimodzi pa mwana aliyense, chogula potuluka.