Kwa mayi a ku Chiputula amene mwana wawo akupita ku usilikali

Mayi, ndawerenga zomwe mwalemba, zoti mnyamata wanu wazaka 21 dzina lake latuluka pa mndandanda wa opita kumaphunziro a usilikali, bambo ake akuti apite, koma inu tulo sitikubwera. Mwafunsa ngati mumuletse. Ine ndikuti musamuletse. Ndi munthu wamkulu, ndipo mukamutsekereza lero, mawa akamadzazungulira mu Mzuzu muno ndi satifiketi ya MSCE m'envelopu, mlandu adzaukankhira kwa inu. Ndikuyankha ngati kholo linzanu, mwana wanga wamkazi ali m'yunifolomu yomweyo.

Sindikunamizani kuti kulibe imfa. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, ndipo United Nations inamupatsa mendulo mu 2019 atamwalira kale. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma ku DRC komweko. Aliyense wokuuzani kuti asilikali a Malawi amangoguba pa perete akukunyengani. Koma dziwaninso kuti likuluti (msilikali watsopano) sachoka kumaphunziro n'kukwera ndege ya ku Congo. Amayamba watumikira m'dziko muno, ku malo a asilikali monga ku Moyale konkuno, ku Cobbe ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe kapena ku Chilumba. Ntchito zambiri ndi zolondera, zoteteza nkhalango ngati Chikangawa, ndi zopulumutsa anthu monga tinaonera nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Chimene ndikufuna muchite mantha nacho msanga ndi anthu akuba. Mndandanda ukangotuluka, mafoni amayamba kulira: "Ndine bwana wa ku likulu, dzina la mwana wanu lili pangozi, tumizani kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money." Musatumize ngakhale tambala. Kulowa usilikali salipira. Mukakayikira, kwerani kabaza mupite pa geti la Moyale mukafunse maso ndi maso.

Chachiwiri ndi thupi lake. Ngati ali ndi mphumu, vuto la mtima, kapena anathyokapo mwendo, anene poyera akamamuyeza. Makolo ena amauza ana kuti abise, poopa kuti mwayi uwadutsa, osaganiza kuti mwana wakulira m'chisanu cha kuno, ndiye akamutumiza ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima azikathamanga ndi chikwama kumsana padzuwa la kunyanja. Masiku atsalawa azidzuka m'mamawa kuthamanga, azolowere kumwa madzi ambiri, ndipo mowa ausiye. Akapita mudzakhala nthawi osamva mawu ake. Kumeneko si kudwala ayi, ndi mmene maphunzirowo amayendera, choncho musamatumize abale kukasuzumira kumpanda.

Pali nkhani ina imene ife Amalawi timaizemba poti timati tikuitana tsoka. Akamalemba mafomu adzamufunsa wachibale woti adziwitsidwe ndi kulandira zake zinthu zikavuta. Khalani pansi inu, bambo ake ndi iyeyo, mugwirizane dzina loti lilembedwe, ndipo akadzakwatira akasinthe yekha. Ndaonapo maliro a msilikali pomwe mkazi ndi apongozi ake anayamba kukokana za ndalama nkhata zisanafote pamanda, chonsecho nkhani yake inali ya fomu imodzi yomwe sinakonzedwe.

Ndipo poti tayamba kunena zoona, ambiri amene ndawaona akuvutika si chifukwa cha mfuti, koma ngongole. Malipiro oyamba akangolowa, obwereketsa ndalama amakhala atafika kale, akudziwa kuti za boma sizilephera kulowa mwezi ukatha. Mnyamata amatenga foni yodula, sofa, kenako katapila, mapeto ake pa 27 akulandira zotsala zosakwana thumba la chimanga. Ifenso makolo timawonjezera moto. Tikangoona yunifolomu timamusenzetsa fizi ya abale ake onse, feteleza wa kumudzi ndi malata a nyumba. Mupatseni chaka choti aime kaye. Mukatero mudzadya zake nthawi yaitali.

Zabwino ziliponso, musaiwale. Ntchito ndi yokhazikika, penshoni ilipo, ndipo amene ali ndi mutu amaphunzira zina ali momwemo, monga udalaivala, umakaniki, za chipatala kapena zomangamanga. Muuzeni asaione MSCE ngati pothera.

Misozi yanu musamubisire, koma musamulirire ngati wafa. Itanani abusa kapena akulu a mpingo amupempherere, mumuphikire nsima ya kondowole ndi batala ngati amaikonda. Ndipo asananyamuke, jambulitsani satifiketi yake ndi chiphaso cha unzika, makope mutsale nawo kunyumba.