Tomato wachikale wakukhumudwitsani? Musazule kaye

Mayi wina wanditumizira imelo yaifupi moti ndingoiika yonse pano. Akuti: "Ndinagula mbewu ya tomato wachikale uja amati heirloom, Brandywine ndi Cherokee Purple, chifukwa ankati ndi wokoma kuposa haibulidi. Mitengo yakula bwino koma tomato wake ndi wowerengeka, wina wang'aluka, wina wada kunsi. Aneba anadzala haibulidi ndipo akukolola ndi ndowa. Kodi ndinapusitsidwa? Ndizule?"

Amayi, musazule. Koma mundilole ndiyambe ndadandaula kaye, chifukwa pa aneba okolola ndi ndowapo mwandikhudza pachilonda.

Ine ndili ndi aneba anga oterowo. Bambo abwinobwino ndithu, sitinayambanepo, koma nthawi imene ndinkalimbana ndi Brandywine ankabwera pampanda m'mawa uliwonse, manja kumbuyo, kuyang'ana mitengo yanga yotalika kuposa munthu ija, masamba ake otakataka ngati a mbatatesi, kenako amvekere, "Kodi achimwene, mukulima masamba kapena tomato?" Iwowo mizere yawo inali pyu kufiira, tomato wofanana kukula ngati wachita kuyezedwa. Ine pa mtengo umodzi mwina asanu, mwina asanu ndi mmodzi, wina wokhota nkhope, wina wa zipsera kunsi. Ndiye tsiku lina mmodzi atapsa bwinobwino, wamkulu wodzadza dzanja, ndinawadulira kachidutswa pompo pampandapo. Anatafuna, anakhala chete, kenako akuti, "Ndi wokomadi. Koma ine sindingadzale." Basi anatembenuka n'kumapita.

Zinandiwawa zimenezo, mwina kuposa akanangonena kuti sakukoma. Ndinkayembekezera kuti apempha mbewu. Koma mpaka lero ndimaona kuti bamboyo anayankha zoona zake, iwo amafuna ndowa yodzadza ndipo Brandywine sadzawapatsa ndowa yodzadza ngakhale atamupempherera. Ndi mtundu wodziwika kuti umabereka pang'ono, umachedwa, umatha kudya masiku 80 mpaka 100 chiwokereni, ndipo kukangotentha umayoyola maluwa. Amene anakugulitsani mbewu ankayenera kukuuzani zimenezi ndipo ndikukayika ngati anakuuzani.

Koma amene anandiphunzitsa kwambiri pa nkhani imeneyi ndi azakhali anga, amene mawu oti heirloom sanawamvepo. Iwo anali ndi tomato wawo wamng'onomng'ono wa mizeremizere, wowawasa pang'ono, wopanda dzina. Ukawafunsa kuti ndi mtundu wanji ankangoti "ndi wanga uja". Chaka ndi chaka ankayenda m'dimba kumapeto kwa nyengo, kuyang'ana mtengo umene wakhalitsa wobiriwira anzake atauma, n'kuthyolapo tomato awiri atatu, kufinyira njere papepala, kuyanika, kupinda, kusunga. Sankalemba kalikonse. Ndinapempha mbewuyo n'kudzala mzere umodzi pafupi ndi Brandywine wanga, dothi lomwelo, madzi omwewo, dzuwa lomwelo. Chiwawu chitabwera Brandywine anapserera kuyambira masamba a m'munsi kukwera, pomwe wa azakhali uja anachita timadontho apo ndi apo n'kupitiriza kubereka ngati palibe chachitika. Sikuti anali ndi mankhwala m'thupi ayi. Kungoti kwa zaka zambirimbiri mitengo yofooka inkafa osasiya mbewu, yolimba yokha ndi imene inkalowa m'kapepala kaja.

Apa ndiye pagona nkhani yonse amayi. Tomato wachikale aliyense ndi wachikale wa dimba la munthu wina. Cherokee Purple wanuyo anachokera ku Tennessee ku America, bambo wina wa kumeneko anatumiza njere kwa Craig LeHoullier, wosonkhanitsa mbewu za tomato wachikale, mu 1990 ndipo ndi LeHoullier amene anamupatsa dzinalo. Brandywine wotchukayu analowa mu Seed Savers Exchange, bungwe la ku America losunga ndi kugawana mbewu zachikale, mu 1982 kudzera kwa mlimi wina wokalamba wa ku Ohio, Ben Quisenberry. Black Krim ndi wa ku Crimea. San Marzano ndi wa kufupi ndi Naples, m'dothi la m'munsi mwa phiri la Vesuvius. Aliyense wa amenewa anasankhidwa ndi anthu amene anali ndi dothi lawo, mvula yawo, matenda awo. Inu mwamutenga n'kumuika kwina, ndiye chaka choyamba chomwechi mukufuna apikisane ndi haibulidi amene akatswiri anamupanga dala kuti abereke paliponse ndi kupirira matenda. Zilembo mumaziona papaketi ya haibulidi zija, V, F, N, zimatanthauza kuti amapirira matenda ofotetsa a verticillium ndi fusarium komanso tinyongolotsi ta m'mizu. Pa paketi ya Brandywine simudzazipeza.

Ndipo pano ndilankhula mosabisa, wokwiya akwiye. Anthu amene amajambula mbale zodzadza tomato wachikasu, wakuda, wamawangamawanga n'kumaika pa Instagram osaonetsako ong'aluka amene ataya kuseri akunamiza anthu. Amene amagulitsa mbewu ndi nthano zokhazokha, za agogo a uje amene anaoloka nyanja njere zili m'thumba, osanena kuti mtunduwo umafuna nyengo yotani, akugulitsa nthano osati mbewu. Ndatopa nazo. Munthu akungoyamba kumene dimba, mukumupatsa mtundu wovuta kwambiri pa yonse, ukamukanika azidziona ngati iyeyo ndiye wolephera, mapeto ake asiyiretu kulima.

Mbali inayo nayonso imanditopetsa chimodzimodzi, awa oti haibulidi ndi poizoni, haibulidi ndi GMO, mbewu zija amazisintha majini mu labotale. Sizoona. Haibulidi ndi kungotenga mungu wa mtundu wina n'kuupaka pa duwa la mtundu wina ndi manja, ana oyambawo ndi amene amalembedwa F1. Big Boy anatuluka ku kampani ya Burpee mu 1949, za GMO zisanayambe n'komwe. Vuto la F1 ndi limodzi, mukasunga njere zake ana ake amatuluka osiyanasiyana, wina wamkulu wina wamng'ono wina wosakoma, zomwe wasayansi Gregor Mendel anaziona pa nsawawa zake n'kuzilemba mu 1866. Pomwe wachikale mukasunga njere amabereka wofanana ndi kholo lake. Kusiyana kwenikweni ndi kumeneko basi, zina zonse ndi zokometsera malonda.

Ndipotu malire ake ndi osokonekera kuposa mmene ogulitsa amanenera. Mortgage Lifter, amene aliyense amamutcha wachikale, anachita kupangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi bambo wina wokonza maradiyeta a galimoto ku Logan, West Virginia, M.C. Byles, amene anthu ankamutcha Radiator Charlie. Anasakaniza mitundu ikuluikulu ingapo n'kumasankha chaka ndi chaka mpaka mtunduwo unakhazikika, kenako ankagulitsa mbande dola imodzi iliyonse mpaka anabweza ngongole ya nyumba ya madola 6,000, n'chifukwa chake dzinalo limatanthauza wochotsa ngongole ya nyumba. Munthu wosapita ku sukulu ya zaulimi ameneyo. Green Zebra amene amapezeka pa mndandanda wa heirloom pafupifupi paliponse anatulutsidwa ndi Tom Wagner mu 1983, pali anthu akuwerenga pano amene ndi aakulu kuposa tomato ameneyu. Ndiye kaya chikale chimayambira pati, ena amati zaka 50, ena amati asanafike 1945, ine sindilowerera.

Kuti wachikale ndi wokoma, pamenepo simunapusitsidwe, ngakhale si onse, alipo ena ozizira ngati madzi. Koma pali chifukwa chenicheni. Alimi a malonda akhala akusankha tomato amene amapsa mofanana thupi lonse, wopanda mapewa obiriwira, chifukwa amaoneka bwino pashelefu komanso n'kosavuta kudziwa nthawi yothyola. Mu 2012 gulu la Ann Powell wa ku University of California, Davis linafalitsa kafukufuku mu magazini ya Science woonetsa kuti kusintha komwe kumachotsa mapewa obiriwirawo kumazimitsa jini imene imathandiza chipatso chosapsa kupanga shuga wake. Ndiye mukaona Cherokee Purple wanu wapsa kunsi koma m'mwamba muli mobiriwirabe, si matenda, musadikire kuti mufiire, sadzafiira. M'finyeni pang'ono, akafewa wapsa. Ndipo chonde musamuike mu fuliji, kuzizira kochepera madigiri 12 kumapha fungo lija mwavutikira miyezi itatu. Ndinaonapo mlendo kwathu akutenga tomato wanga patebulo n'kukaika mu fuliji poganiza kuti akundithandiza, mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita myuu.

Za kung'aluka ndi kuda kunsi

Zonse ziwirizi gwero lake ndi madzi, makamaka kuthirira kodumphadumpha. Tomato wachikale wamkulu ali ndi khungu lopyapyala, n'chifukwa chake amakoma pakamwa komanso n'chifukwa chake masitolo samufuna. Dothi likauma masiku angapo kenako n'kulandira madzi ambiri kamodzi, m'kati mumafufuma msanga kuposa khungu, ngati mwana amene wakula malaya ali omwe aja, ndiye phwaa. Kuda kunsi kuja si matenda opatsirana, musapopere mankhwala. Ndi kuperewera kwa kashiamu kunsonga ya chipatso, ndipo nthawi zambiri kashiamuyo m'dothi alimo, kungoti amayenda ndi madzi, madzi akadukiza iyenso amadukiza. Fetereza wa nayitrojeni wambiri amawonjezera vutolo chifukwa masamba amakula mothamanga n'kulanda zonse, ndipo poti mwati mitengo yanu "yakula bwino" koma zipatso zochepa, ndikukayikira pamenepo. Makoko a mazira amene anthu amalangizana aja sathandiza nyengo ino, amatenga nthawi yaitali kuti asungunuke.

Ndiye thirirani mozama pa masiku okhazikika, patsinde osati pamasamba, phimbirani ndi udzu wouma wochindikala, siyani kaye fetereza wokulitsa masamba, thothola okuda kunsiwo mutaye, nthawi zambiri ndi oyambirira okha amene amatero. Tomato akangoyamba kusintha mtundu thyolani akapsere m'nyumba, makamaka ngati kukubwera mvula, kukoma sikusintha kwenikweni. Mangirirani ku mitengo yolimba, siyani nthambi zikuluzikulu ziwiri, mphukira za m'khwapa muzithena zikadali zazing'ono, masamba okhudza dothi chotsani. Maluwa akamayoyoka yang'anani kutentha, masana kukapitirira madigiri 32 kapena usiku kukakhala pamwamba pa 21 mungu umawonongeka, palibe chimene mungachite kupatula kamthunzi ka masana ndi kugwedeza mitengo m'mawa.

Koma chimene ndikufuna muchite kwambiri, chimene chandilembetsa zonsezi, ndi choti muyende m'dimba lanulo ndi maso a azakhali anga. Pa mitengo yonse ya Cherokee Purple ulipo umodzi umene wang'aluka pang'ono kuposa inzake, kapena wabereka awiri owonjezera, kapena masamba ake akadali obiriwira. Umangeni kansalu. Mbewu ya chaka chamawa ichokere pamenepo, osati pa tomato wamkulu kwambiri wa mtengo wodwala, ndiponso osati pa woyamba wokhotakhota uja amene amachokera ku maluwa omatana, ameneyo amasakanizika mosavuta ndi mungu wa aneba. Brandywine ndi anzake a masamba a mbatatesi nawonso amasakanizika msangako, ndiye ngati haibulidi wa aneba ali pafupi vekani tsango limodzi la maluwa kathumba ka neti asanatseguke, muzikagwedeza, zipatso zikagwira muchotse.

Finyirani njere ndi madzi ake omwe m'kabotolo, siyani masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite nkhungu, zimanunkha koma ndi mmene kamadzi koterera kokuta njere kamachokera, kamene kamaletsa kumera. Thiranimo madzi, zoyandama tayani, zomira tsukani pa sefa, yanikani pa mbale pamthunzi kwa sabata kapena kuposerapo. Mu envulopu, malo ouma ndi ozizira, zimakhala zaka zinayi kapena zisanu bwinobwino. Lembani dzina ndi chaka, azakhali sankalemba koma iwo anali ndi mtundu umodzi wokha.

Chaka chamawa musabwezere pamalo pomwepo, komanso osati pamene panali mbatatesi, tsabola kapena mabiringano, ndi banja limodzi ndipo matenda awo ndi amodzi, padutse zaka zitatu. Brandywine siyani mitengo iwiri yokha ya pakamwa panu. Malo otsalawo yesani achikale osavuta, Arkansas Traveler ngati kwanu kumatentha, Stupice wa ku Czech ngati kumazizira kapena nyengo ndi yaifupi, Moneymaker wa ku England ngati mukufuna wobereka kwambiri. San Marzano mudikire kaye mpaka kuthirira kukhazikike, amada kunsi msanga kuposa onse. Ndipo mzere umodzi wa haibulidi dzalaniko, palibe amene adzakumangeni, ndowa nayonso imafunika pakhomo. Ngati pali wachikulire pafupi nanu amene wakhala akusunga tomato wake wopanda dzina, kapempheni njere kumeneko musanaitanitsenso paketi ina pa intaneti.